Wotchi m'mbale yachitsulo

Kwathu kunyanja akazi ambiri amamenyedwa m'mawa. Anthu a kumtunda akamva zimenezi amadabwa, poti kwawo ndewu ya m'banja imadikira mdima. Koma asodzi a usipa amachezera pamadzi ndi nyali zawo, ndipo amafika kunyumba dzuwa litatuluka, ali ndi tulo, njala ndi ukali, makamaka khoka likatuluka lopanda kanthu. Alamu anga, amuna a achemwali anga, anali mmodzi wa iwo. Anali ndi boti la matabwa, injini, ndi alovi angapo owakokera khoka, choncho pagombe ankalemekezedwa ngati munthu wodyetsa anzake. Ndiwatchulabe mwaulemu m'nkhani ino chifukwa ndi mmene tinaleredwera, osati kuti ulemuwo ndili nawo.

Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, wosakwatiwa, ndipo ndinkakhala m'kanyumba ka sukulu pafupi ndi msewu, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera kwa achemwali. Zinali zaka zija matipate atangoyamba, aliyense akutafuna mawu akuti ufulu ngati nzimbe. M'basi anthu ankanyoza nduna mokweza, kenako n'kucheuka kuti aone ngati wina akulemba maina, n'kudziseka okha poona kuti palibe. Ine zinandilowa m'magazi. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti choipa chilichonse chikangonenedwa poyera chimatha mphamvu.

Tchuthi china ndinakakhala kwa achemwali milungu iwiri kuwathandiza kukolola mpunga. Tsiku lachinayi alamu anafika kuchokera kunyanja n'kupeza madzi osamba asanatenthe. Sanakalipe. Anakhala pampando, anavula pang'onopang'ono wotchi yawo yalamba wachitsulo, n'kuiponya m'mbale yachitsulo imene inali patebulo. Ngwe! Achemwali anali panja akuanika chinangwa pathandala. Atamva kulirako anaika lichero pansi, anamasula mwana kumsana n'kundipatsa, ndipo analowa m'nyumba okha, osaitanidwa. Chimenecho chinandiwawa kuposa zonse zimene zinatsatira. Ankaidziwa mbale ija, ndipo ankafulumira kulowa kuti zisachitikire pamaso pa ana.

Ndinaima pakhonde ndi mwana, ndikumva thupi la munthu likugunda khoma. Nditalephera kupirira ndinakankha chitseko. Alamu anali atakulunga tsitsi la achemwali kudzanja lamanzere, kumanja ali ndi chingwe cha khoka chomanga mfundo kunsonga, ndipo ankakwapula nacho kumsana ndi m'miyendo mosathamanga, ngati munthu amene akupuntha mpunga. Achemwali ankangobuula, kukuwa ayi. Ine ndinakuwa. Ndinati masiku ano kuli ufulu, munthu samenyedwanso ngati mbuzi.

Alamu anandiyang'ana akupuma mwabefu. "Alamu, matipate anuwo ali kutauni," anatero. "M'nyumba muno chipani n'chimodzi."

Anatola wotchi m'mbale muja, anavala, anayang'ana nthawi, n'kupita kukagona.

Ndinakanena kwa amalume athu, amene anali ankhoswe a banjalo. Anandimvetsera akusenda nzimbe, n'kundiuza kuti banja n'kupirira, ndipo kuti munthu wosakwatiwa asamaphunzitse anzake ukwati. Achemwali nawo anandigwira mkono tsiku limene ndinkabwerera kusukulu. "Usauzenso munthu," anatero. "Iwe ukupita, wotsala kuno ndine." Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Pa sekondale ya amishoni, chapafupi ndi pamene ndinkaphunzitsa, panali sisitere wina wochokera ku Ayalandi. Anali wamtali, wamapazi aakulu, ndipo Chichewa ankachilankhula molimba mtima ngakhale chinkatuluka chozondoka. Mlongo wawo kwawoko ankawajambulira m'makaseti nkhani zazifupi zimene zinkawerengedwa pa wailesi ya kumeneko, n'kuwatumizira pa positi. Loweruka masana asisitere ankaika wailesi ya kaseti pakhonde pawo n'kuitana aphunzitsi ofuna kunola Chingerezi. Kunena zoona, ambiri tinkapitira tiyi wamkaka ndi mabisiketi.

Nkhanizo sizinali masewero ngati amene tinazolowera ife. Munalibe nyimbo, munalibe anthu okangana mokuwa. Munthu mmodzi ankangowerenga kwa mphindi khumi ndi zisanu, basi. Chingerezi chake chinali ngati cha munthu amene ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, moti asisitere ankabweza kaseti kawirikawiri kuti timve. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti azungu amenewa sankalemba za ndege kapena za mafumu. Ankalemba za minda yolowa madzi, za ng'ombe, za mvula yosakata, za anyamata opita kunja kukafuna ntchito osabwerako, monga ankachitira athu opita kumigodi ku Joni. Olembawo anali anthu amoyo, a masiku omwewo, ena aphunzitsi ngati ife. Asisitere anatiuza kuti nkhanizo sizinachokere m'mabuku. Zinalembedwa dala kuti zimvedwe ndi khutu.

Loweruka lina tinamva nkhani ya mayi amene ankadziwa mtima wa mwamuna wake pomva mmene watsekera geti. Akalisiya likugwedezeka, kunyumba kunali mtendere. Akalitseka mosamala n'kukoka loko, mayiyo ankatuma ana kwa aneba kukabwereka chinthu chimene anali nacho kale. Wowerengayo sananene paliponse kuti mayiyo anamenyedwa. Anangoti ketulo inayamba kulira pamoto, inalira, inalirabe, popanda woiphula. Tiyi ananditayikira pachitenje. Anzanga anandiseka kuti Chingerezi chandizunguza mutu.

Asisitere anaimitsa kaseti. "Pa wailesi palibe maso," anatero. "Wolemba sangakuonetseni nkhope ya munthu. Mukanena kuti uyu ndi woipa, khutu silikhulupirira. Koma lipatseni phokoso limodzi loona, lidziwa lokha."

Mawu amenewa ndinapita nawo kunyumba. Pasanapite nthawi yaitali wailesi yathu inalengeza kuti omvera atha kutumiza nkhani zazifupi za m'Chichewa, ndipo zabwino ziziwerengedwa Lamlungu masana. Ndinalemba yanga masiku atatu, ana ataweruka, nditakhala padesiki ya kalasi yanga. Ndinachenjera, kapena ndinkayesa kuti ndachenjera. Nkhaniyo ndinaichotsa kunyanja n'kuiika kumapiri kolimidwa mbatatesi. Mwamunayo ndinamusandutsa kalipentala. Ana ndinawaonjezera, dzina langa ndinabisa n'kulembapo lina. Chimodzi chokha sindinasinthe, wotchi yogwera m'mbale, chifukwa ndilo linali phokoso langa loona. Ndinadziuza kuti odziwa za mbale ija tinali atatu: alamu, achemwali ndi ine. Alamu masana amakhala ali m'tulo, ndipo achemwali analibe nthawi yokhala pansi n'kumvera wailesi.

Mathero ake ndinawalemba ndikumwetulira. Mwamuna uja atagona, mkazi akutenga wotchi, akuiponya mumtondo, n'kuisinja ndi musi mpaka kusanduka zinyenyeswa.

Ndinakawawerengera asisitere ndisanatumize. Anaomba m'manja, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Wotchiyi mwaitenga kuti?"

"M'mutu mwangamu, asisitere," ndinatero.

Anandiyang'anabe kanthawi, koma sanafunsenso. Achemwali sindinawauze kalikonse. Pa nthawiyo ndinkadzinamiza kuti ndikufuna kudzawadabwitsa. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuti andiletsa.

Kalata inabwera yonena kuti nkhani yanga yasankhidwa, ndipo inatchula Lamlungu limene idzawerengedwe. Kunali kutatsala milungu iwiri. Milungu iwiri imeneyo ndinayenda mapewa ali m'mwamba. Ndinagula mabatire atsopano, ndinaitana aphunzitsi anzanga, ndinakazinga mtedza. Achemwali ndinakumana nawo kamodzi kuchigayo mkati mwa masiku amenewo, tinacheza za mtengo wa sopo, n'kusiyana.

Tsikulo litafika tinakhala pakhonde panga anthu asanu ndi awiri. Anawerenga nkhaniyo anali bambo wa mawu aakulu, ndipo a wailesi anachita kupeza wotchi yeniyeni ndi mbale yeniyeni. Atafika pamene kalipentala akuvula wotchi, wailesi yanga inalira kuti ngwe, ndendende ngati ija ya kwa achemwali. Pomaliza anzanga anaimirira n'kundinyamula manja, wina akuti ndatchukitsa sukulu. Sindibisa, ndinasangalala kwambiri. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanadzimvepo wamkulu choncho.

Panali zinthu ziwiri zimene sindinkadziwa, ndipo mwana aliyense wa msodzi akanandiuza. Choyamba, sabata imeneyo mwezi unali wowala, ndipo mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, choncho asodzi sapita panyanja. Alamu sanali m'tulo. Anali pansi pa mitengo ya mango pagombe pamodzi ndi amuna anzawo, akusoka makoka, wailesi itapachikidwa panthambi. Chachiwiri, wotchi ija sinali chinsinsi cha m'nyumba. M'boti, alamu akafuna kumenya mlovi, ankayamba avula wotchi n'kuiponya m'chitini chokapira madzi. Gombe lonse linkadziwa, mpaka alovi anali ndi mawu awo akuti bwana akavula wotchi, dumphira m'madzi. Ine mphunzitsi, wodziwa mitsinje ya ku Ulaya pamtima, ndinali ndisanakhalepo pamene amuna amasokera makoka, poti mkazi sakhalapo.

Zimene zinachitika pamitengo paja ndinazimva pambuyo pake kwa mmodzi wa alovi. Akuti wailesi itangoti ngwe, manja onse anaima. Wina anatsokomola, wina analephera kudzigwira, kenako onse anaphulika. Kalipentala wa kumapiri sananamize munthu. Nkhani itafika pa mtondo, mkulu wina wa ngalawa anagwa chagada ndi phwete. "Bwana, taonani pamkonopo!" anatero. "Ilipo? Mwina kunyumba aisinja kale!" Alamu sanaseke. Anaimirira, anatola nkhafi yopalasira ngalawa imene inatsamira pamtengo, n'kuyamba kuyenda kulunjika kwawo. Amuna oposa khumi anawaona akupita ndi nkhafi m'manja, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawatsatira. Pambuyo pake onse ankati ankayesa kuti akukaisunga. Mabodza okhaokha.

Mtedza tinali tisanamalize pamene mayi wina woyandikana nyumba ndi achemwali anatulukira atakwezedwa panjinga, mpango wakumutu uli m'manja. "Walahi, aphunzitsi, thamangani," anatero. "M'bale wanu amupha."

Panjira anandifotokozera. Alamu anawapeza achemwali ali pabwalo, akusinja chinangwa chouma mumtondo, musi uli m'manja. Achemwaliwo sankadziwa kanthu, wailesi sanamvere. Ndipo tsiku limenelo alamu sanavule wotchi. Kunalibe ngwe, kunalibe nthawi yoika musi pansi, yochotsa ana kapena yophimba mutu ndi mikono. Achemwali anangotembenuka kuti awalonjere, nkhafi n'kuwapeza kumanzere kwa mutu, pakhutu penipeni. Nkhafiyo inachita kung'aluka pakati. Atagwa, alamu anatola musi n'kuwamenya nawo pamkono umene anautukula, fupa n'kuthyoka. Ankakuwa kuti, "Wandigulitsa pa wailesi! Dziko lonse likundiseka!" Amayi a m'mudzi ndiwo anathamangira ndi mfuu, ena ndi zikuni, ena ndi makasu, mpaka anawasiya.

Nditafika ndinapeza mtondo utagubuduka, ufa woyera utamwazika pabwalo, ndipo pakati pake panali magazi atayamba kuda. Achemwali anali atagonekedwa pamphasa, magazi akutuluka m'khutu n'kutsikira m'khosi, diso limodzi litatsekeka, mkono utapindika pamalo pamene sipapindika. Ana awiri anali atakangamira chitenje cha mayi wina, osalira n'komwe. Alamu anali atakhala pakhonde, wotchi ili pamkono.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndinatola chidutswa cha nkhafi ija n'kuwathamangira. Ndinawamenya nacho paphewa kamodzi, kachiwiri anachigwira, ndiye ndinawaluma padzanja mpaka ndinamva mchere wa magazi. Anandipatsa khofi limodzi lokha, ndinakagwera pa thandala, dzino lakutsogolo n'kubenthuka. Lilipobe lobenthuka mpaka lero.

"Ndine ndinalemba!" ndinakuwa ndili pansi. "Ine! Iwo sakudziwa kanthu! Ndinaona ndekha ndi maso angawa!"

Alamu anayang'ana bala la padzanja lawo, n'kupukutira pamalaya. "Ndikudziwa kuti ndi inu, alamu," anatero mosakweza mawu. "Ndani wina angalembe kuno? Koma inu si mkazi wanga. Wanga ndi uyu."

Asisitere ndiwo anabwera ndi galimoto ya mishoni n'kuwanyamula achemwali kupita nawo kuchipatala. Mkono anaumanga pulasitala. Za khutu, adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mkati mwaphulika ndipo fupa lang'aluka, khutu lamanzere silidzamvanso. Nkhani inafika kupolisi, ndipo alamu anagonako masiku angapo. Amalume aja, a banja n'kupirira, atabwera n'kuona nkhope ya mwana wa mlongo wawo, sanatchulenso za kupirira. M'mawa mwake anapita okha ndi ngolo kukatenga ana, mapoto ndi zovala, ukwati n'kuthera pomwepo.

Ukali wanga unasowa pogwera, ndiye unagwera asisitere. Ndinawapeza pakhonde la chipatala n'kuwalalatira pamaso pa anthu. Ndinati ndi makaseti awo, ndi nkhani za kwawo za ketulo ndi mageti, zandiphera m'bale wanga. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Ndinakufunsani za wotchi," anatero, "ndipo ndinadziwa kuti mwanama. Kwathunso midzi ndi yaing'ono, anthu amadziwana ndi kutsokomola komwe. Ndinayenera kufunsanso. Ndinakhala chete chifukwa nkhani inali yabwino."

Chimene chinawatseka pakamwa iwo n'chomwe chinanditseka ine. Kumakaseti kuja sindinapitekonso.

Masiku atatu oyamba achemwali sanandilankhule. Ndinkawasambitsa, kuwamwetsa phala, kuwapesa tsitsi mbali imene inalibe mabandeji, iwo maso ali kudenga. Ndinkalakalaka atanditukwana. Tsiku lachinayi, dzuwa lili pamutu, odwala ena akudya, anandiitana.

"Akuti Malawi yense waimva nkhani yanga," anatero. "Ine ndekha ndiye sindinaimve. Undiwerengere."

Pepala lake ndinali nalo m'chikwama. Ndinakoka mpando n'kukhala pamene ndinkakhala masiku onse, n'kuyamba kuwerenga. Ndisanamalize mzere woyamba anatukula dzanja labwinolo.

"Zungulira. Bwera mbali ino. Uko kulibe munthu."

Ndinazungulira bedi n'kukhala kumanja kwawo. Ndinawerenga za kalipentala, za mapiri, za madzi osamba osatentha. Pa wotchi iwo sanaphethire. Nditafika pa mtondo ndinaona mlomo wawo wotupawo ukusuntha pang'ono.

"Wasinja bwino mayiyo," anatero. "Ali ndi mwayi, mwamuna wake ndi wapapepala."

Ndinapinda pepala. Ndinayesa kuti zatha, mwina andikhululukira. Anayang'ana pulasitala wa pamkono wawo, kenako anafunsa mofatsa.

"Tsiku loti aiwerenge unkalidziwa?"

"Inde, achemwali."

"Kuyambira liti?"

"Milungu iwiri."

"Ndiye kuchigayo kuja unkadziwa."

"Inde."

Anapuma mozama, nthiti zikuwapweteka. "Kulemba sindikukudandaula, mng'ono wanga. Zonse walembazo n'zoona. Ukanandifunsa, mwina ndikanakana, mwina ndikanalola, sindikudziwa. Koma ukanangondiuza tsiku. Ndikanabereka mwana, wina kumugwira padzanja, n'kupita kwa amalume m'mawa mwake. Bambo aja, ndi nkhanza zawo zonse, zaka zonsezi ankandichenjeza ndi wotchi. Iwe, wobadwa nawe mimba imodzi, sunandichenjeze."

Ndinagwada pansi n'kugwira chitsulo cha bedi, ndipo ndinayamba kupepesa. Ndinali ndi mawu ambiri, ndinali nditawakonza masiku atatu. Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono, akusamala mkono wothyokawo, n'kugonera khutu labwino lija. Zonse zimene ndinanena zinapita kukhutu lakufa.